Kuphunzira ntchito ya msonkho uku ukugwira: mukakhale pa tebulo la ndani?

Munthu wogwira ntchito ya msonkho kuno kwathu mutamudzutsa pakati pa usiku n'kumufunsa masiku ovuta pa mwezi, akuyankhani asanatsegule n'komwe maso: pa 14 ndi pa 25. Pofika pa 14, PAYE, msonkho umene kampani inadula pa malipiro a antchito mwezi wathawo, iyenera kukhala itafika ku MRA, bungwe lotolera misonkho, pamodzi ndi msonkho umene inadula polipira lendi, makontilakita ndi ena oigwirira ntchito. Pa 25 ndi tsiku la VAT. Miyezi itatu iliyonse pamabweranso msonkho wolipiriratu wa phindu, ndipo chaka cha kampani chikatha pamakhala masiku 180 okha oti chikalata cha msonkho wa chaka chonse chiperekedwe. Mukachedwa, chindapusa sichifunsa ngati magetsi anathima kapena intaneti inavuta.

Tsono tawerengerani nokha. Makampani ambiri amatseka mabuku awo pa 31 Disembala. Masiku 180 kuchokera pamenepo amathera kumapeto kwa Juni, ndipo Juni yemweyo ndi mwezi wa mayeso a akawunti. Ndiye kuti wophunzira ntchito amakhala akuwerengera mayeso nthawi yomweyo imene tebulo lake ladzadza mafayilo. Aliyense amene akukuuzani kuti kugwira ntchito uku ukuphunzira n'kophweka sanadutsemo.

Komabe ine ndimaona kuti pa nkhani ya msonkho njira imeneyi ndiyo yopanga munthu wodziwa ntchito. Vuto ndi lakuti achinyamata ambiri amasakaniza mafunso awiri amene ndi osiyana: ndilembe mayeso ati, ndipo ndikagwire kuti. Loyambalo limatenga nthawi yambiri ya makolo ndi amalume pokambirana. Lachiwirilo ndi limene limasankha kuti pakatha zaka zitatu mudzakhale mukudziwa msonkho kapena mukudziwa njira yachidule yopitira ku Msonkho House, likulu la MRA.

ICAM kapena ACCA

ICAM ndi bungwe la akatswiri a akawunti la kuno ku Malawi. Linabwera ndi lamulo la 2013, pamene SOCAM, bungwe lakale la akatswiriwa, ndi PAEC, bungwe limene linkalembetsa mayeso kale, zinaphatikizidwa. Akuluakulu ambiri m'maofesimu amanenabe kuti "ndinalemba PAEC", musadabwe nazo. Makwerero ake amayambira pansi: satifiketi, kenako dipuloma, kenako magawo opita ku CA(M), dzina la katswiri wathunthu wa akawunti, ndipo magawowa anakonzedwa mogwirizana ndi ICAEW, bungwe la akatswiri a akawunti la ku England. Amene ali ndi MSCE yabwino, makamaka masamu ndi Chingerezi, angathe kuyamba osadikira digiri. Msonkho umene mumaphunzira ndi wa kuno, malamulo ake ndi omwe mukakumane nawo Lolemba m'mawa ku ofesi, ndipo ndalama za mayeso mumalipira m'makwacha.

Zamakwachazi musazione ngati zazing'ono. ACCA ndi bungwe la akatswiri a akawunti la ku Britain ndipo imalipiritsa m'mapaundi: kulembetsa, ndalama za chaka ndi chaka, pepala lililonse. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anayamba ACCA atawerengera bwinobwino ndalama zake anadzuka tsiku lina mtengo wa pepala utakwera iye ali m'tulo, malipiro ake ali pomwe paja. Ndiye pali kusowa kwa ndalama zakunja: makwacha mungakhale nawo, koma njira yolipirira isapezeke mpaka tsiku lotseka kulembetsa litadutsa.

Ubwino wa ACCA ndi woonekeratu. Imadziwika ku Lusaka, ku Nairobi, ku London, ndipo mabungwe akunja amaikonda. Ili ndi mapepala 13, ndipo mayeso amachitika kanayi pa chaka, mu Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, choncho ukalephera sudikira nthawi yaitali. Pa pepala loyamba la msonkho ilinso ndi la malamulo a ku Malawi. Koma chenjerani apa: pepala la msonkho la pamwamba lilibe la ku Malawi. Amene walisankha amaphunzira malamulo a dziko lina, kawirikawiri a ku Britain, usiku akuloweza za HMRC, bungwe lotolera misonkho kumeneko, usana akulimbana ndi MRA. Mutu umakula ndithu, koma si zonse zimene mungazigwiritse ntchito ku Limbe.

Maganizo anga ndi awa: ngati mukudzilipirira nokha ndipo mtima wanu uli pa msonkho wa kuno, yambani ndi ICAM. Ngati kampani ndiyo ikulipira, kapena mukuganiza zodzatuluka kunja, ACCA ndi yoyenera mtengo wake. Onse awiri sakupatsani dzina lathunthu chifukwa cha mayeso okha. ACCA imafuna miyezi 36 ya ntchito yeniyeni, yotsimikizidwa ndi munthu amene ali ndi mapepala oyenera, ndipo ICAM nayo imafuna umboni wa ntchito. Apa ndi pamene funso lachiwiri lija limalowera.

Kampani yaikulu ya maodita

Iyi ndi njira imene aliyense amaisirira, ndipo pali zifukwa. Makampani amenewa, omwe ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ali ndi dongosolo lophunzitsira lomwe lakhalapo kwa zaka. Kawirikawiri amathandiza pa ndalama za mayeso, amapereka tchuthi chowerengera, ndipo pali munthu wosayina buku lanu la ntchito popanda kumupempha ngati mukupempha ngongole. Chilichonse chimene mwalemba chimadutsa m'manja mwa anthu awiri kapena atatu chisanatuluke. Chimabwerako chitafiira ndi zokonza, mtima umawawa, koma ndi mmene munthu amaphunzirira kuti ndalama zosangalatsira alendo sizichotsedwa wambawamba powerengera msonkho, kapena kuti kutha mphamvu kwa makina kumene kwalembedwa m'mabuku kumabwezeredwa pa phindu, n'kuchotsa m'malo mwake zimene lamulo la msonkho limalola.

Ndi kunonso kumene mungaone nkhani zimene ofesi yaing'ono siziona: mabanki, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, makampani a fodya a ku Kanengo, makampani amene likulu lawo lili kunja ndipo MRA ikufuna kudziwa ngati mitengo imene amagulitsana okhaokha si njira yothawitsira phindu. Mapangano oletsa kukhoma msonkho kawiri, monga amene Malawi ili nawo ndi Britain komanso South Africa, mumawawerenga chifukwa kasitomala akudikira yankho, osati chifukwa abwera pa mayeso.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba, ambiri amene amalowa m'makampaniwa amaponyedwa ku gawo lofufuza mabuku, osati la msonkho. Gawo la msonkho limakhala laling'ono, anthu ochepa, ndipo mungathe zaka ziwiri mukuwerenga katundu m'nyumba zosungiramo za makasitomala musanagwire fayilo ya msonkho ndi imodzi yomwe. Chachiwiri ndi maola. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi yofufuza mabuku a makampani otseka mu Disembala, kuweruka 5 koloko ndi nthano, ndipo Loweruka si lanu. Chachitatu ndi bondi. Akakulipirirani mayeso, nthawi zambiri mumasayina kuti mukachoka msanga mudzabweza. Palibe cholakwika ndi zimenezo, koma werengani pepalalo musanasayine, makamaka pamene pakunena za munthu amene walephera pepala kawiri. Pomaliza, malo ndi ochepa ndipo ambiri amafuna digiri kapena magawo ena a mayeso mutakhoza kale. Wochokera ku fomu 4 khomo ili silimutsegukira msanga.

Ofesi yaing'ono ya m'tauni

Pamwamba pa sitolo ku Limbe, ku Area 3, ku Mzuzu kapena ku Zomba, mupeza ofesi ya zipinda ziwiri: bwana mmodzi, mlembi, ophunzira ntchito awiri. Makasitomala ake ndi a mahadiweya, a malole, a sukulu zoyima pazokha, timabungwe ting'onoting'ono. Amabwera ndi malisiti m'jumbo, ena ofufutika, ena a chaka china, n'kunena kuti, "Achimwene, tikufuna chikalata cha MRA pofika Lachisanu, tenda ikutseka."

Kunena zoona, palibe malo ophunzitsa msanga ngati awa. Mwezi woyamba womwewo mumalembetsa TPIN, nambala ya msonkho ya kasitomala, mumawerengera PAYE ya antchito khumi pa Excel, mumalowa pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, mumayerekeza zimene makina a malisiti a MRA akunena ndi zimene zili m'buku la zogulitsa. Mumaphunzira kufotokozera munthu wamalonda m'Chichewa chomveka kuti VAT imene watolera si ndalama yake, ndi ya boma imene wangosunga. Luso limeneli palibe buku limene limaphunzitsa, ndipo anzanu a m'makampani akuluakulu amalipeza mochedwa. Amene akulota zodzatsegula ofesi yakeyake, sukulu yake ndi imeneyi.

Zonse zimadalira munthu mmodzi, bwanayo. Ngati ndi membala wa ICAM wolembetsedwa bwino, wokonda kuphunzitsa, amene amakhala nanu pansi n'kukuonetsani chifukwa chimene wakanira chiwerengero chanu, mwapeza mwayi waukulu. Ngati si membala, zaka zanu zingapite popanda wosayina, ndipo mudzazindikira mutakhoza kale mayeso kuti umboni wa ntchito mulibe. Ngati ndi wokonda njira zachidule, mudzaphunzira zachidulezo n'kumaziyesa ndiyo ntchito. Alipo maofesi amene amakonza mabuku awiri, lina la ku banki loonetsa phindu lalikulu, lina la ku MRA loonetsa kuluza. Wachinyamata amene wakulira pamenepo amavuta kuwongola, ndipo dzina likada mu ntchito imeneyi tauni yonse imamva, chifukwa anthu ake ndi ochepa ndipo amadziwana. Malipiro nawo ndi ochepa, mayeso mumadzilipirira, ndipo tchuthi chowerengera chimadalira mmene bwana wadzukira.

Chinanso chofunika kuchiyang'anitsitsa: m'maofesi ena wophunzira ntchito amangosanduka mtumiki. Kubanki, ku MRA, kukatenga mafayilo kwa kasitomala, kukagula mayunitsi a magetsi. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha musanawerengerepo msonkho ndi dzanja lanu, yambani kuyang'ana kwina.

Ofesi ya akawunti m'kati mwa kampani

Apa sindichedwapo. Kukhala kalaliki wa akawunti mu kampani imodzi, kaya yopanga zinthu kaya ya malonda, kumapereka maola odziwika, ndipo madzulo mungathamangire ku kalasi ku Malawi College of Accountancy kapena sukulu zina zophunzitsa mayesowa. PAYE, VAT, penshoni ya 5 peresenti ya wantchito ndi 10 peresenti ya wolemba ntchito, 1 peresenti ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, msonkho wa pa nyumba ndi galimoto zimene kampani imapatsa mabwana ake, zonsezi mudzazidziwa ngati dzina lanu. Koma ndi msonkho wa kampani imodzi yokha, wobwerezabwereza, ndipo nkhani zovuta zikabuka amaitana akatswiri akunja, inu n'kungowatengera mafayilo. Ndi njira yabwino kwa amene ali ndi banja lomudalira. Kwa wofuna kukhala katswiri wa msonkho, ndi poyambira chabe.

Kutsidya linalo: MRA

MRA inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 ndipo inayamba kugwira ntchito mu 2000, itatenga ntchito ya nthambi zakale za boma zotolera msonkho. Amene walowa kumeneko amaona lamulo kuchokera mbali ya wotolera: mmene amasankhira mafayilo oti afufuzidwe, zimene zimadzutsa chikaiko, mmene madandaulo a okhoma msonkho amayendera, makamaka chibwerereni malamulo a 2021 okhudza kayendetsedwe ka msonkho ndi bwalo lomva madandaulo. Munthu amene wagwirako zaka zingapo n'kutuluka amasakidwa ndi makampani, chifukwa amadziwa mmene anzake aja amaganizira.

Koma simusankha nokha kokagwira. MRA ili ndi mbali ya misonkho ya m'dziko muno ndi mbali ya kasitomu. Mungalowe mukulota za msonkho wa makampani akuluakulu, n'kupezeka muli pa chipata cha Mwanza, Dedza, Mchinji kapena Songwe, mukuyang'ana malole ndi kulowetsa zikalata mu ASYCUDA, pulogalamu ya pakompyuta ya kasitomu. Imeneyonso ndi ntchito ya msonkho, yofunika kwambiri, koma ndi luso lina, ndipo kalasi ya madzulo ya ICAM ku Songwe simuipeza. Komanso kulowako kumadalira kuti alengeza liti malo, ndipo ofunsira amakhala khamu. Lemberani akalengeza, koma musaimitse moyo wanu podikira.

Nanga yunivesite kaye?

Makolo ambiri amakonda njira imeneyi, ndipo sindiwanena. Digiri ya akawunti ya zaka zinayi, monga ya ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic mpaka 2021, imatsegula makomo amene dipuloma siitsegula, kuphatikizapo makampani akuluakulu aja ndi MRA yomwe. Wosankhidwa ku yunivesite ya boma angathenso kupempha ngongole ya maphunziro. Digiri yovomerezeka imakuchotseraninso mapepala ena a ICAM kapena ACCA. Ku ACCA angakuchotsereni mpaka asanu ndi anayi, ngakhale kuti lililonse lochotsedwalo mumalilipirabe, m'mapaundi momwemo.

Chimene digiri siichita ndi kukusungirani msonkho kuti usasinthe. Chaka chilichonse nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, ziwerengero zimasuntha. Malire a malipiro osadulidwa PAYE anachoka pa K45,000 kufika pa K100,000 mu 2020, kenako pa K150,000 mu 2024. Chaka cha boma chenichenicho chinasamuka, kuchoka pa Julayi mpaka Juni kufika pa Epulo mpaka Malichi, kuyambira 2022. Wophunzira amene analemba pepala la msonkho ali chaka chachitatu amafika pa ntchito manotsi ake atatha kale ntchito, pamene mnzake amene anayamba ndi dipuloma akugwira wadutsa m'mabajeti anayi ndi dzanja lake. Wadigiriyo amamupeza ndithu pakapita nthawi, mwinanso kumupitirira pa udindo, koma chaka chake choyamba amafunsa mafunso kwa munthu amene anali naye fomu imodzi. Ngati mwasankhidwa ku yunivesite, pitani. Koma tchuthi chachitali musakathere kumudzi chonse, kapempheni malo mu ofesi ya akawunti, ngakhale ongokupatsani ya minibasi.

Kwa amene ali ku Britain

Mabanja a kwathu amene ana awo akulira ku England ali ndi njira imene kuno kulibe mofanana. Kumeneko kuphunzira ntchito uku ukugwira ndi dongosolo la boma. Kuyambira mu 2017 makampani akuluakulu amasonkha 0.5 peresenti ya malipiro onse a antchito awo ku thumba la maphunzirowa, ndipo wophunzirayo salipira kanthu pa maphunziro ake. Amalandira malipiro, ndipo lamulo limafuna kuti gawo la maola a ntchito likhale lowerengera. Mwana womaliza A level angalowe mu ofesi ya msonkho n'kulemba ATT, kenako CTA, mayeso a msonkho wokhawokha, popanda ngongole ya ku yunivesite. Januwale wawo ndi Juni wathu: pa 31 ndi tsiku lomaliza lopereka zikalata za msonkho wa anthu ku HMRC, ndipo maofesi amayaka mpaka usiku. Dziwani kuti kuyambira Januwale 2026 boma linachepetsa thandizo la gawo lapamwamba kwambiri la maphunzirowa, kulisiyira makamaka a zaka zosapitirira 21, choncho kuchedwa kusankha kuli ndi mtengo wake. Ndipo kwa amene muli kuno, iyi si njira yopitira kunja. Imafuna munthu amene ali kale ndi ufulu wokhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo, kawirikawiri atakhalamo zaka zitatu.

Ndikanakhala mchemwali kapena mchimwene wanu

Wa fomu 4 wopanda malo ku yunivesite ndikanamuuza kuti ayambe ICAM tsopano, ndipo akangokhoza satifiketi asake ofesi yaing'ono ya bwana wolembetsedwa, ngakhale malipiro akhale ochititsa manyazi. Zaka ziwiri pamenepo, dipuloma ili m'manja, makomo a makampani akuluakulu amayamba kumveka mosiyana ukagogoda. Wadigiri ndikanamuuza kuti alowe kampani yaikulu ngati yamutenga, koma anene poyera pa tsiku lofunsidwa mafunso kuti akufuna gawo la msonkho, ndipo azibwerezabe mpaka atopa naye. Ambiri amaopa kunena, amaganiza kuti aoneka osankha. Koma ofuna msonkho ndi ochepa, ndipo mkulu wa gawolo amakumbukira amene anaupempha.

Kulikonse kumene mukupita, funsani zinthu zitatu musanavomere. Ndani adzasayine umboni wa ntchito yanga, ndipo ali ndi mapepala a bungwe liti? Mu Juni ndi Disembala ndidzapatsidwa masiku angati owerengera, ndipo zalembedwa pati? Fayilo yoyamba ya msonkho ndidzaigwira liti? Bwana wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Mayankho ake mukawamva, pezani wophunzira ntchito amene ali kale pamenepo, mumuperekeze pokwerera minibasi, mumufunse kuti chaka chathachi walemba mapepala angati ndipo wakhoza angati.